Kachotsedwe ka pulogalamu yonama kuti ikukonza kompyuta

Achimwene a ku Chibavi mwafunsa za laputopu yanu yomwe ikumangotulutsa uthenga ofiira oti muli ma error mazanamazana ndiye mulipire kuti ikonzedwe. Musalipire olo pang'ono, pulogalamu yomwe ikutulutsa uthengawo ndi yabodza, imangokuopsezani kuti mulembe nambala ya khadi yanu ya ku banki. Windows siipempha ndalama kuti ichotse ma error, komanso siikuuzani kuti muimbe foni.

Choyamba zimitsani intaneti. Kenako dinani Ctrl+Shift+Esc, mu Task Manager yomwe itseguke muipeze dzina lake pulogalamuyo ndikupanga End task, komanso pa Startup muidisebule.

Mukatero pitani ku Control Panel, Programs and Features, dinani pa Installed On kuti zisanjike potengera deti. Apa ndipofunika kufatsa chifukwa zinthuzi sizibwera zokha, zimalowa limodzi ndi ma crack (mapulogalamu othyolera ena kuti musalipire) kapena ma driver updater (mapulogalamu oti amaika ma driver atsopano) omwe munadawunilodi, ndiye chilichonse chachilendo chomwe chinalowa tsiku lomwelo panganinso Uninstall. Ikakana kuchoka, gwirani Shift podina Restart, pa menu yomwe ituluke dutsani pa Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings mulowe mu Safe Mode (momwe Windows imayaka ndi zinthu zofunika zokhazokha) muichotsere mmenemo.

Mu Chrome chotsani ma extension (timapulogalamu towonjezera mu Chrome) omwe simukuwadziwa, ndikutseka ma notification a ma site achilendo, ine ndawonapo laputopu ya mwana wa pa Mzuni vuto lili pomwepa basi.

Pomaliza pitani ku Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, musankhe Microsoft Defender Offline scan, laputopu izizimitsa ndi kuyakanso yokha ndiye muiike pa chaja kaye. Ngati munalemba kale nambala ya khadi, imbirani banki yanu lero lomwe ayitseke.