Ku Canada ulowere khomo liti, la boma lalikulu kapena la chigawo?

Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kuchita fotokope pa Kasungu boma, kufupi ndi depoti. Kuyambira pomwe mlongo wanga anapita ku Winnipeg mu 2024, sipatha sabata osabwera munthu atanyamula envulopu ya masatifiketi n'kunena kuti, “Akulu, tamva kuti munathandiza achemwali anu, tatiuzeniko poyambira.” Ine si loya, komanso ndilibe chiphaso cholangizira anthu za imigireshoni. Ndinangokhala naye pa kompyuta imodzi kwa zaka ziwiri, tikuwerenga malamulo, kulakwitsa ndi kukonza. Zomwe ndimauza obwera pashopu ndi izi.

Funso loyamba limene anthu amandifunsa ndi la mzinda: Toronto kapena Vancouver? Limenelo lisiyeni kaye. Dziko la Canada lili ndi boma lalikulu ku Ottawa, ndiponso zigawo 10 ndi madera atatu akumpoto, chilichonse ndi boma lake. Chilolezo chokhala kumeneko mokhazikika, chomwe aliyense amangochitcha PR, chimaperekedwa ndi boma lalikulu lokha kudzera ku unduna wotchedwa IRCC. Koma makomo ofikira kumeneko alipo awiri. Loyamba ndi Express Entry, lomwe linayamba mu Januwale 2015, ndipo pamenepo mumapikisana ndi anthu a dziko lonse lapansi. Lachiwiri ndi Provincial Nominee Program, mwachidule PNP, pomwe chigawo chimakusankhani n'kuuza Ottawa kuti uyu tikumufuna kwathu. Quebec ili ndi dongosolo lakelake kuyambira pa mgwirizano wa 1991, ndipo Nunavut ilibe PNP, choncho ziwirizi ndizisiya.

Khomo lolowera sasankha ndi mtima. Amasankha ndi mapointi, ndiye yambani mwawerengera anu.

Kwa ife amene tili kuno ndipo sitinagwirepo ntchito ku Canada, pulogalamu ya Express Entry yotikhudza kwambiri ndi Federal Skilled Worker. Kuti mungolowa mumndandanda pamafunika chaka chimodzi chathunthu, chosadukiza, cha ntchito yolipidwa yaluso m'zaka 10 zapitazi, maola 1,560. Ntchitoyo ikhale m'magulu a TEER 0, 1, 2 kapena 3 pa mndandanda wawo wa ntchito wotchedwa NOC. Pamafunikanso Chingerezi cha mlingo wa CLB 7, kutanthauza 6.0 pa mbali zonse zinayi za mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, ndiponso mapointi 67 pa 100 pa sikelo yoyamba. Mukadutsa apo mwangolowa pamzere basi. Pamzerepo amakuikani motsata sikelo ina, CRS, yomwe imalekezera pa 1,200, ndipo nthawi ndi nthawi IRCC imaitana amene ali pamwamba kuti apereke fomu ya PR.

Mlongo wanga anali ndi zaka 33, wosakwatiwa, digiri imodzi ya zowerengera ndalama, ndipo anali atagwira ntchito zaka zoposa zitatu pa kampani ina yogula fodya. Ndikukumbuka madzulo amene tinawerengera koyamba. Magetsi anali atazima, laputopu tikuyendetsa pa batire, iye akulemba manambala kuseri kwa lisiti. Zaka zake zinamupatsa 88, digiri 120, Chingerezi cha CLB 7 chinamupatsa 68, ndipo mapointi ophatikiza maphunziro, ntchito ndi chiyankhulo anali 38. Zonse pamodzi 314. Nthawi imeneyo oitanidwa mosayang'ana gulu la ntchito ankakhala ndi mapointi oyandikira 500 kapena kuposa. Anaika cholembera pansi n'kunena kuti, “Achimwene, basi tisiye, si zathu izi.”

Sitinasiye, chifukwa tinaona pomwe pali mapointi ambiri obisika. Munthu akafika CLB 9, kutanthauza 8.0 pa kumvetsera ndi 7.0 pa kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula, chiyankhulo chokha chimakwera kufika 124, ndipo mapointi ophatikiza aja amafika 75. Iye anakhala miyezi inayi akumvetsera wailesi ya Chingerezi m'mawa uliwonse, n'kumalemba nkhani imodzi tsiku lililonse, ndipo atalembanso mayeso ku Lilongwe anafika 407. Kukwera ndi 93 popanda sukulu ina kapena ntchito ina. Ndiye ngati muli ndi ndalama zochepa, ziikeni pa Chingerezi musanaziike pena paliponse. Ndipo lembani IELTS General Training. Ife ulendo woyamba tinalipira mtundu wina wotchedwa Academic chifukwa ndi umene anzake a kukoleji ankaidziwa, ndipo ndalama ija inapita m'madzi pamodzi ndi ya minibasi ndi malo ogona. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Komabe 407 inali yosakwana. Apa ndi pomwe khomo lachiwiri limaonekera kufunika kwake. Chigawo chikakusankhani kudzera mu njira yolumikizana ndi Express Entry, mumalandira mapointi 600 owonjezera. Kwa mlongo wanga zinatanthauza 1,007, ndipo munthu wa mapointi otere sadikira nthawi yaitali.

Lamulo langa ndi losavuta. Ngati muli ndi zaka za pakati pa 20 ndi 29, pomwe mapointi a msinkhu amakhala pamwamba penipeni, muli ndi masitazi kapena madigiri awiri, ndipo Chingerezi chanu chafika CLB 9, yang'anani kwambiri ku boma lalikulu. Ubwino wake ndi woti simumangidwa ndi chigawo, mutha kukakhala kulikonse kupatula Quebec, ndipo IRCC imayesetsa kumaliza mafomu ambiri m'miyezi 6. Chimodzimodzinso ngati ntchito yanu ili m'magulu amene akhala akuitanidwa paokha kuyambira 2023, monga azaumoyo ndi amisiri, kapena ngati mumayankhula Chifalansa. Oitanidwa pa Chifalansa akhala akudutsa ndi mapointi otsika kuposa ena ambiri, ndipo chimawonjezera mpaka 50 kwa amene ali nacho pamodzi ndi Chingerezi. Aphunzitsi a Chifalansa a m'masekondale athu ali ndi mwayi umene ambiri sakuudziwa. Mayeso a Chifalansa ndi TEF Canada kapena TCF Canada.

Koma ngati mwapitirira zaka 30, mapointi a msinkhu akuchepa chaka ndi chaka mpaka kutheratu pa 45, ndipo digiri ndi imodzi, musataye zaka mukudikira kuitanidwa ndi Ottawa. Tsegulani mbiri yanu mu Express Entry, poti n'kwaulere ndipo imakhala miyezi 12, koma maso anu akhale ku zigawo.

Zigawozo sizifanana ngakhale pang'ono, ndipo apa ndi pomwe anthu amasokonekera. Chilichonse chimafuna anthu ake. Manitoba, yomwe inali m'gulu la zoyamba kuchita zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imafuna kuona kuti muli ndi chokulumikizani nayo: wachibale kapena mnzanu wokhazikika kumeneko, sukulu kapena ntchito imene munachitako, kapena kuitanidwa ndi chigawocho. Ife tinali ndi msuweni wathu, mwana wa amalume, amene anakhala ku Winnipeg zaka zingapo ali ndi PR. Ameneyo ndiye anali chingwe chathu. Saskatchewan ili ndi sikelo yakeyake ya mapointi 110 ndipo imafuna osachepera 60, komanso imayang'ana ngati ntchito yanu ikusowa anthu kumeneko. Ontario, pa njira yake ina, inkalowa yokha mumndandanda wa Express Entry n'kutumiza uthenga kwa amene yawafuna, ndiye munthu sankagogoda, ankangodikira. Zigawo zinayi za kugombe la Atlantic, zomwe ndi Nova Scotia, New Brunswick, Prince Edward Island ndi Newfoundland and Labrador, zili ndi pulogalamu ina yomwe inakhazikika mu 2022, koma imafuna kuti mukhale mutalonjezedwa ntchito ndi bwana wovomerezedwa ndi chigawo.

Dziwaninso kuti njira za PNP zili mitundu iwiri. Ina ndi yolumikizana ndi Express Entry, yomwe imapereka 600 ija. Ina ndi yoima payokha, yomwe imathandiza amene sangalowe n'komwe mu Express Entry, mwina chifukwa Chingerezi n'chotsikirapo kapena ntchito yawo ili m'magulu apansi. Yachiwiriyi imatenga nthawi yaitali ikafika ku IRCC, ndiye konzekerani kudikira.

Ndisakunamizeni, mu 2025 khomo la zigawo linachepa. Boma la Canada linadula chiwerengero cha olowa kudzera mu PNP kuchoka pa 110,000 mu 2024 kufika pa 55,000 mu 2025, ndipo zigawo zambiri zinayamba kuika patsogolo anthu amene ali kale komweko pa ntchito kapena pa sukulu. Mu Malichi 2025 anachotsanso mapointi a CRS amene ankaperekedwa kwa munthu wolonjezedwa ntchito. Malamulo amenewa amasintha ngati mtengo wa fodya ku okushoni, choncho zomwe munamva kwa mnzanu amene anapita zaka zitatu zapitazo muzitsimikize pa webusaiti ya canada.ca ndi ya chigawo chomwe mukufuna, sabata yomweyo imene mukulemba fomu.

Pali mnyamata wina wa ku Santhe amene anabwera ndi kope lolembamo zigawo 9, akufuna kulembera zonse nthawi imodzi. Ndinamuuza kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chigawo chikamakusankhani mumasaina kuti cholinga chanu ndi kukakhala kumeneko, ndipo amafunsa ngati munalemberanso kwina kapena muli ndi abale m'chigawo china. N'zoona kuti malamulo aakulu a dzikolo amalola munthu wa PR kusamukira kulikonse. Koma kusaina kuti mukupita ku Saskatchewan mtima uli ku Toronto ndi bodza, ndipo bodza pa fomu ya imigireshoni chilango chake n'kuletsedwa zaka 5. Kupatula chilangocho, ine ndimaona kuti n'kulakwira amene akubwera m'mbuyo mwanu, chifukwa malo amene mwatengawo akanakhala a munthu wofunadi kukhalako. Sankhani chigawo chimodzi kapena ziwiri zomwe mungathe kufotokoza chifukwa chake osachita chibwibwi. Werengani za lendi, za ntchito yanu, ndi za kuzizira. Ku Winnipeg mu Januwale kumatsika kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo mlongo wanga, amene ankadandaula ndi mphepo ya Juni kuno, anandiimbira sabata yoyamba ya chisanu mawu akunjenjemera.

Kwa anamwino, aphunzitsi ndi mainjiniya pali nkhani ina. PR siikupatsani chilolezo chogwira ntchito yanu. Chiphaso chimenecho chimaperekedwa ndi bungwe la m'chigawo, ndipo zofunika zake zimasiyana. Fufuzani zimenezo musanasankhe chigawo, osati mutafika.

Khomo lililonse limene mungasankhe, mapepala ena ndi omwewo, ndiye yambani lero. Maphunziro anu ayenera kuunikidwa ndi bungwe lovomerezeka monga WES, ndipo lipoti lake limagwira ntchito zaka 5. Zotsatira za kukoleji zimayenera kuchokera kukoleji komweko, osati m'manja mwanu, ndipo ife apa tinadikira miyezi itatu. Kalata ya kuntchito ikhale ndi masiku amene munayamba ndi kusiya, maola a pa sabata, malipiro, ndi ntchito zenizeni zomwe munkachita, zogwirizana ndi NOC yanu. Kalata yoyamba imene mlongo wanga anapatsidwa inali ya mizere itatu, yongoti ndi wolimbikira ndi wokhulupirika. Tinabwerera kawiri. Mukaitanidwa mumakhala ndi masiku 60 okha operekera zonse, kuphatikiza kalata ya kupolisi ndi zoyeza kwa dokotala wovomerezedwa ndi IRCC, ndiye musadikire kalata yoitanayo kuti muyambe kuthamanga.

Ndalama ndiye phiri lalikulu kwa ife. Kuyambira mu Julayi 2025 munthu mmodzi ankayenera kuonetsa madola a ku Canada oposa 15,000 mu akaunti yake, osati angongole, ndipo banki imalemba kalata yoonetsa mmene akauntiyo yakhalira miyezi 6 yapitayo. Kuwonjezera apo, kuyambira mu Epulo 2024 fomu ya PR ndi chindapusa chake zinali madola 1,525 pa munthu wamkulu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe tinasonkhanitsa titagulitsa soya ndi ng'ombe ziwiri zinaperewera usiku umodzi, ndipo tinayambanso kusonkha. Muzisunga zoposa zomwe akufuna. Kulipira pa intaneti ndi khadi la kuno nako kumavuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, choncho kambiranani ndi banki yanu nthawi ikadalipo.

Tisanadziwe zonsezi, tinapatsa ndalama munthu wina wa pa WhatsApp amene analonjeza kalata ya chigawo m'milungu itatu. Nambala yake inasiya kupezeka titangotumiza gawo lachiwiri. Palibe munthu amene amagulitsa kusankhidwa ndi chigawo. Wololedwa kukulipiritsani pa uphungu ndi loya wa ku Canada kapena mlangizi wolembetsedwa ku College of Immigration and Citizenship Consultants, ndipo mayina a alangiziwo ali poyera pa webusaiti ya bungwelo. Mukamufunsa nambala ya chiphaso chake n'kuyamba kuzungulira, tsekani foni. Mafomu onsewa mutha kulemba nokha, monga tinachitira ife pamapeto pake.

Mnyamata wa ku Santhe uja anabweranso mwezi watha. Anafufuta zigawo 7 m'kope lake, walembetsa IELTS General Training, ndipo anandipempha kuti ndimusindikizire ndondomeko ya ntchito ya NOC yake kuti akapite nayo kwa abwana ake akamakapempha kalata.