Momwe Mungakumbire Ngalande ya Paipi ya Madzi ndi Backhoe ya Thalakitala Yaing'ono

Thalakitala yaing'ono yokhala ndi backhoe (mkono wokumbira wokhala ndi baketi yopalira dothi kunsonga kwake) kumbuyo kwake imatha kukumba pa tsiku limodzi ngalande imene anthu angapo a mapikisi ndi mafosholo akadalimbana nayo kwa masiku ambiri. Komabe paipi ya madzi imafuna malo abwino ogonapo, ndipo mavuto amene amadza pakapita chaka kapena ziwiri, monga kuchucha, kung'aluka kwa paipi ndi madzi otuluka modukizadukiza pa mpope, kawirikawiri amayambira pansi pa ngalande, pamene wokumba anasiya mwala wakuthwa kapena pamene anakumba mokwera ndi motsika. Choncho pa ntchito yonseyi maso anu akhale pansi pa ngalandeyo.

Musanalize injini

Yambani ndi kufufuza zimene zinakwiriridwa kale pamalopo. Funsani a magetsi, a madzi ndi a matelefoni kuti akuonetseni mmene munadutsa nthambo ndi mapaipi awo, ndipo funsaninso mwini malo za zimene anakwirira yekha, pakuti zoterezi sizipezeka pa mapu a kampani iliyonse. Munthu wokhala pa mpando wa backhoe sangathe kusiyanitsa muzu wa mtengo ndi nthambo ya magetsi. Zonse zimaduka mofanana. Pamene mukudziwa kuti pali nthambo kapena paipi, siyani makina kutatsala theka la mita mbali zonse, mumalize ndi fosholo mpaka chinthucho chitaonekera. Yang'ananinso m'mwamba, ndipo mkono wa backhoe utalikirane ndi mawaya a magetsi ndi mamita osachepera 3.

Kenako khomani zikhomo, mukoke chingwe, ndipo muwaze laimu kapena penti potsata chingwecho musanachichotse, chifukwa mzere woyera ndi umene mudzauona bwino muli pa mpando. Pewani mitengo ikuluikulu ndi makona akuthwa. Paipi ya madzi akumwa italikirane ndi dzenje la chimbudzi ndiponso paipi ya zonyansa. Malamulo a m'mayiko ena amafuna mpata wa mamita pafupifupi 3, ndipo ngati mapaipi awiriwa akudutsana, ya madzi akumwa ikhale pamwamba.

Kuya kwa ngalande kumatengera nyengo ndi zimene zidzapondepo. Kumayiko ozizira kwambiri paipi imayenera kukhala kunsi kwa pamene nthaka imaundana. Ku United Kingdom, mwachitsanzo, malamulo amati ikhale pakati pa masentimita 75 ndi 135. Kumadera otentha ambiri amakwirira pa masentimita 60, kuti khasu kapena pulawo isaipeze ndiponso kuti madzi asamatenthe ndi dzuwa. Podutsa msewu wa magalimoto tsikani kufika pafupifupi mita imodzi, ndipo paipi ya madzi muilowetse m'kati mwa paipi ina yaikulu yolimba. Pa muyeso uliwonse mwasankha onjezanipo masentimita 10 a mchenga wopita pansi. Pa paipi ya mamilimita 25 kapena 32, baketi ya masentimita 30 m'lifupi ndi yokwanira. Yopapatiza kuposa apa imachepetsa dothi lokumba, koma m'dothi lamakande imamatirira, ndipo mudzataya nthawi kuikokota ndi fosholo.

Kukhazika thalakitala

Pakani girizi m'mapini onse a mkono ndi a baketi, muone ngati mafuta a haidiroliki ali okwanira, ndiponso ngati mabawuti ogwira backhoe ku thalakitala ali omanga. Mukakayikira kuti paipi ya mafuta ikudontha, musaipapase ndi dzanja injini ikulira. Yendetsani kachidutswa ka katoni pafupi ndi paipiyo. Mafutawa amayenda pa presha imene ikhoza kupitirira mabaa 150 (baa ndi muyeso wa presha), ndipo akatuluka pa kabowo kosaoneka amaboola khungu n'kulowa m'mnofu, bala limene limafuna dokotala nthawi yomweyo ngakhale likuoneka laling'ono.

Backhoe imakumba kumbuyo pamene thalakitala ikusunthira kutsogolo, motero yambirani kumene kuli kothina, monga pakhoma la nyumba kapena pa thanki, n'kumalowera kumene kuli poyera. Mukayambira kwina, mudzapezeka mwadzitsekera pakati pa khoma ndi ngalande. Imikani thalakitala kuti mzere wa laimu udutse pakati penipeni pa matayala, ikani giya pa fulii, kokani handibuleki, ndipo tsitsani baketi yakutsogolo ikanikize nthaka. Tsitsani miyendo iwiri yochirikizira ya backhoe mpaka itanyamula kulemera kwa thalakitala, matayala akungokhudza pansi pang'ono. Miyendo yomweyi ndi imene mumalinganizira thalakitala kuti isapendekeke, pakuti ikapendekeka, makoma a ngalande nawonso amapendekeka. Pa nthaka yofewa ikani matabwa okhuthala kunsi kwa miyendoyo.

Chotsani mapini otsekera mkono, ndipo injini ilire pa liwiro lapakati, osati lapamwamba. Kayendedwe ka ndodo zowongolera kamasiyana pakati pa makina a dongosolo la ISO ndi a SAE, choncho ngati makinawo ndi achilendo kwa inu, yambani mwayeserera pamalo opanda kanthu mpaka manja atazolowera.

Kukumba kwenikweni

Palani kaye dothi lapamwamba lachonde, muliunjike mbali imodzi, ndipo dothi lapansi lipite mbali inayo. Milu yonse italikirane ndi m'mphepete mwa ngalande ndi masentimita osachepera 60, kuti kulemera kwake kusagumule khoma ndiponso kuti zibuma zisamagwere m'kati.

Musamize baketi yonse kamodzi. Thalakitala yaing'ono ndi yopepuka, ndipo mukaikakamiza imangodzikokera yokha ku ngalande. Tambasulani mkono, lozetsani mano a baketi pansi mopendekeka, kokani mukusenda dothi la masentimita 10 kapena 15, ndipo baketi ikadzaza ipindeni, mukweze, mutembenuze, mukhuthule. Bwerezani motero mpaka kutatsala pang'ono kufika pa kuya kumene mukufuna.

Apa ndi pamene pagona luso. Mkono wachiwiri, umene wagwira baketi, umayenda mozungulira: mukamaukoka kuchokera kutali, mano amatsikira pansi mpaka mkonowo utaima chilili, kenako amayamba kukwera. Wokumba akangokoka ndodo imodzi yokha, pa malo alionse amene waima amasiya chigwa pakati ndi zitunda kumapeto, mwakuti pansi pa ngalande pamaoneka ngati mizere ya m'munda. Paipi yogona pamalo otere imagunda pa zitunda zokha, ndipo dothi likaitsendera imapindika. Mpweya nawonso umasonkhana pamalo okwerawo n'kumatsekereza madzi. Kuti pansi pakhale pathyathyathya, kwezani mkono waukulu, umene walumikizika ku thalakitala, pang'onopang'ono pa theka loyamba la kukokako, muutsitsenso pang'onopang'ono pa theka lachiwiri, uku mukutsegula baketi kuti chipansi chake chizikwekwerera nthaka. Manja onse awiri amagwira ntchito nthawi imodzi, ndipo poyamba zimavuta, koma kuli bwino kuchita mochedwa kusiyana ndi kukumba mopitirira. Ngati mwapitirira, bwezeranipo dothi ndi kulisinja mwamphamvu, chifukwa dothi longothira limadzatitimira.

Dulani ndodo yolingana ndi kuya kwa ngalande, kuti wokuthandizani aziyeza mita iliyonse kapena awiri. Iyeyu ayime patali ndi pamene mkono umafika, ndipo ayandikire pokhapokha baketi ili pansi ndipo inu mwachotsa manja pa ndodo zowongolera. Gwirizanani zizindikiro za manja musanayambe, popeza mawu samveka injini ikulira.

Mukamaliza chigawo, pindani mkono, kwezani miyendo ndi baketi yakutsogolo, ndipo sunthani mtunda wa mita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, kuti baketi izifikabe pamene munalekezera n'kulumikiza bwino. Musakumbe mpaka pafupi ndi miyendo, chifukwa nthaka imene yanyamula thalakitala ikhoza kugumuka. Musagwiritsenso mbali ya baketi kukankhira milu ya dothi kapena miyala. Mkono unapangidwa kuti uzikoka molunjika, ndipo kuukankhitsa cham'mbali kumadya mapini ndi kuononga zotembenuzira. Mukakumana ndi mwala waukulu, kumbani mouzungulira, muuzule ndi mano, ndipo dzenje lotsalalo mulidzaze ndi kulisinja. Pamalo otsetsereka khuthulirani dothi kumtunda, pakuti baketi yodzaza ikatembenukira kumunsi ikhoza kugwetsa thalakitala.

Ngalande ikafika mamita 1.2 kapena kupitirira, munthu asalowemo makoma asanatchingidwe ndi matabwa kapena kusemedwa motsetsereka. Dothi lokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo khoma lonyowa kapena lamchenga limagwa mosachenjeza.

Kuyala paipi ndi kukwirira

Makina akatha ntchito yawo, yendani ngalande yonse ndi fosholo, mukuchotsa miyala, mizu ndi zibuma, kenako yalani mchenga kapena dothi losefa la masentimita 10. Paipi ya pulasitiki ya mtundu wa HDPE imabwera yokulungidwa, choncho itambasuleni padzuwa kwa kanthawi kuti iwongoke, ndipo mutseke kukamwa kwake konse kuwiri kuti musalowe dothi kapena tizilombo. Onani cholembedwa pa paipiyo: PN10 imapirira presha ya mabaa 10, PN16 ya mabaa 16. Poigoneka musaikoke kuti ithine; ilekeni izikhotakhota pang'ono, chifukwa paipi yotere ya mamita 100 imafupika ndi masentimita pafupifupi 15 mpaka 20 ikazizira ndi madigiri 10, ndipo yokokedwa mwamphamvu imasolola pa majointi. N'chifukwa chake ndi bwino kukwirira m'mawa paipi isanatenthe. Ngati mzere wanu ukukwera chitunda n'kutsikanso, ikani valavu yotulutsira mpweya pamwamba pa chitundacho.

Thirani dothi lofewa pamwamba pa paipi, pakati pa jointi ndi jointi, kuti isasunthe, koma majointi onse akhale poyera. Tsegulani madzi pang'onopang'ono, mpope wakumapeto uli wotsegula, mpaka mpweya ndi zinyalala zitatuluka. Kenako tsekani mpopewo, musiye paipi ili pa presha kwa maola angapo, ndipo mupukute jointi iliyonse ndi kansalu kouma kuti muone ngati pakubwera chinyezi. Ambiri amadumpha gawo limeneli chifukwa chofulumira kubweza makina, koma jointi yodontha imakonzeka m'mphindi zochepa ikadali poyera, pamene yokwiriridwa imafuna kukumbanso mongoganizira.

Masentimita 15 oyamba pamwamba pa paipi akwiriridwe ndi fosholo, ndi mchenga kapena dothi lopanda miyala, ndipo musinje m'mbali mwa paipi osati pamwamba pake penipeni. Popeza paipi ya pulasitiki sipezeka ndi makina ofufuzira zitsulo, yalani waya wa kopa wokutidwa motsatana nayo, nsonga zake zitulukire pa valavu kapena pa mpope. Pa masentimita pafupifupi 30 pamwamba pa paipi yalani tepi yochenjeza ya buluu, kuti wodzakumba m'tsogolo akumane ndi tepiyo asanafike pa paipi. Kuchokera apa mukhoza kukankha dothi ndi baketi yakutsogolo, masentimita 15 kapena 20 nthawi imodzi, mukusinja musanaonjezere lina, ndipo dothi lachonde libwerere pamwamba.

Musanamalize kukwirira, jambulani zithunzi za majointi ndi makona, ndipo mulembe mtunda wake kuchokera pa zinthu zosasuntha monga ngodya ya nyumba. Siyani kamtumbira kakang'ono pamwamba pa mzere wonse, chifukwa dothi lidzatsika mvula ikagwa, ndipo pamene patitimira mudzathirepo lina. Mpaka nthakayo italimba, tayala la thalakitala kapena la galimoto lisayende motsata ngalandeyo. Ngati n'kofunika kuidutsa, idutseni mopingasa, pa matabwa.