Mmene Mungayambire Kuonera Mafilimu Akale a Screwball Comedy

Mafilimu oseketsa a chikondi amene ku America amawatchula kuti screwball comedy anatchuka kuyambira mu 1934 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Dzinali analibwereka ku masewera a baseball, kumene limatanthauza mpira woponyedwa mwaukathyali moti umakhotera kumene womenya sakuyembekezera.

Musanaonere n'komwe, dziwani kuti opanga mafilimuwa sankaloledwa kuonetsa chilichonse chimene akufuna. Kuyambira mu July 1934, ofesi imene ankaitsogolera Joseph Breen inakhwimitsa malamulo otchedwa Production Code, amene ankaletsa kuonetsa za kuchipinda. Olemba nkhani a ku Hollywood anangosamutsira chilakolakocho m'mikangano, choncho mukaona mwamuna ndi mkazi akulalatirana osapuma, dziwani kuti kufunsirana kwake n'komweko.

Yambani ndi It Happened One Night ya mu 1934, imene anaitsogolera Frank Capra, chifukwa siithamanga kwambiri ndipo imakuphunzitsani moonera anzake onse. Claudette Colbert akusewera ngati mwana wamkazi wa bambo wolemera amene wathawa kwawo, Clark Gable ngati mtolankhani wochotsedwa ntchito, ndipo akumana m'basi yausiku yopita ku New York. Ndalama zitawathera pang'onopang'ono, akakamizika kugona m'chipinda chimodzi, ndiye mwamunayo amanga chingwe pakati pa mabedi awiriwo n'kuyanikapo bulangete, limene alitcha makoma a Jericho. Maso anu akhale pa bulangetelo nthawi zonse likaoneka, chifukwa aliyense mwa awiriwo amagona akuliyang'ana, akumvetsera kupuma kwa mnzake kuseri kwake. Pamapeto sitiona n'kupsompsonana komwe. Timangomva lipenga likulira, bulangete n'kugwa pansi, basi. Filimuyi inapata mphoto zonse zisanu zikuluzikulu za Oscar.

Kenako onerani My Man Godfrey ya mu 1936, ndipo pamenepa kumbukirani kuti oonera ake oyamba anali anthu osautsidwa ndi mavuto a zachuma amene anayamba mu 1929. Carole Lombard atola William Powell kudzala la mumzinda n'kumulemba ntchito yapakhomo, koma wanzeru m'nyumba yonse ya anthu olemerayo apezeka kuti ndi wantchitoyo.

Makutu anu akazolowera, pitani ku His Girl Friday ya mu 1940, ya Howard Hawks. Apa m'pofunika kukonzekera. Yatsani mawu olembedwa m'munsi mwa kanema, ikani foni kutali, ndipo musaonere uku mukugwira ntchito ina, chifukwa Hawks ankauza osewera ake kuti azilankhula mnzawo asanamalize, moti mukangocheuka, nthabwala ziwiri kapena zitatu zakudutsani. Cary Grant ndi mkonzi wa nyuzipepala amene akufuna kulepheretsa ukwati wa mkazi wake wakale, Rosalind Russell, yemwenso ndi mtolankhani wake waluso kwambiri. M'sewero la mu 1928 limene anatengako nkhaniyi, mtolankhaniyo anali mwamuna, ndipo kumusandutsa mkazi wosudzulidwa n'kumene kunabweretsa moto wonsewo. Ndi bwino kuionera kawiri: koyamba kutsatira nkhani, kachiwiri kuyang'ana nkhope ya amene sakulankhula.

Ambiri amalangiza kuyamba ndi Bringing Up Baby ya mu 1938 chifukwa ndi yotchuka, koma ine sindivomereza. M'filimuyi Katharine Hepburn amasokoneza moyo wa katswiri wa mafupa a nyama zakale, pali nyalugwe woweta komanso galu amene wakwirira fupa lofunika kwambiri, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe wodekha woti mtima wa woonera upumirepo. Wongoyamba kumene amatopa nayo msanga, ndipotu itangotuluka siinapindule kwenikweni. Isungeni ikhale yachinayi.

Poonera onsewa, muzidzifunsa kuti akuthamangitsa mnzake ndani. Kawirikawiri ndi mkazi, ndipo mwamuna wophunzira kapena wolemera ndi amene amagwa pansi, kung'ambika malaya ndi kuchita manyazi pagulu. Mu The Lady Eve ya mu 1941, ya Preston Sturges, Barbara Stanwyck amayamba chibwenzi ndi Henry Fonda pongotambasula mwendo kuti apunthwe n'kugwa m'chipinda chodyera cha m'sitima yapamadzi, kenako n'kumudzudzula kuti wamuthyolera chidendene cha nsapato.