Pampu ya petulo yasiya kulira: yesani relay musanagule pampu ina

Njinga yamoto yakale ikamakana kulira sitata ikuzungula bwinobwino, kapena ikamazima itangoyenda pang'ono, ambiri amathamangira kugula pampu. Kawirikawiri pampuyo imakhala ilibe mlandu, magetsi ndiwo sakuifika.

Yambani ndi kumvetsera. Pa njinga ya injection (yopanda kabureta), mukangotembenuza kiyi pampu ya m'thanki imalira masekondi 2 kapena 3 n'kukhala chete. Pa njinga ya kabureta pampu imakhala kunja kwa thanki, ndipo imagunda mofulumira poyamba, n'kumachedwa kabureta ikamadzaza. Koma samalani ndi Honda zakale monga Shadow VT1100 ndi Africa Twin XRV750: relay yake (kaswitchi kodzitsegula kokha kamene kamapereka magetsi ku pampu) imadikira chizindikiro cha ignition (mbali yoyatsa moto mu injini), choncho pampu imagunda pokhapokha injini ikuzungulira. Ikakhala chete mutangoyatsa kiyi, palibe chalakwika.

Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 pa multimeter (chida choyezera magetsi). Ikatsika pansi pa 12, itchajeni kaye. Onaninso fyuzi ndi switchi yofiira yozimitsira injini.

Tsopano relay. Yamiyendo inayi kawirikawiri imakhala ndi manambala pansi: 85 ndi 86 ndi koyilo, 30 ndi polowera magetsi a batire, 87 ndi potulukira kupita ku pampu. Ikani chala pamwamba pake, yatsani kiyi, mumva ikudumpha. Kudumphako kusakunamizeni. Kumangosonyeza kuti koyilo ili moyo, pomwe mapointi am'kati akhoza kukhala atapsa moti magetsi akudutsa ochepa. Izuleni, yezani pakati pa 85 ndi 86: zambiri zimapereka ma ohm 60 mpaka 120. Kenako lumikizani mabowo a 30 ndi 87 pa soketi ndi kawaya kokhala ndi fyuzi. Pampu ikalira, vuto lili pa relay kapena pa mawaya oiyendetsa. Pa Honda zija, zomwe relay yake ili ndi mawaya atatu, lumikizani waya wobweretsa magetsi ndi wopita ku pampu. Kawayako n'koyesera basi, musayende nako pamsewu: njinga ikagwa, pampu ipitiriza kukhuthula petulo pa injini yotentha.

Pampu ikakhalabe chete, yezani magetsi pa pulagi yake ili yolumikizidwa. Mukaizula, waya wodyeka ndi dzimbiri amaonetsabe mavoti 12 chifukwa palibe chikukoka magetsi, ndipo apa ndi pamene amakaniko ambiri amasokera. Magetsi akachepa ndi voti imodzi poyerekeza ndi batire, tsatirani waya mpaka mupeze pulagi yobiriwira kapena ethi (waya wa negativi) yomasuka. Magetsi akakhala okwanira koma pampu osagwedera, igogodeni pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Ikadzuka, yatha mkati. Pa pampu ya kabureta vulani kachivundikiro kakumapeto, mupeza mapointi awiri ang'onoang'ono. Akhala akuda, okumbika, kapena limodzi ladyeka mpaka pachitsulo. Kuwakwecha ndi sandipepa wosalala kukufikitsani kunyumba, koma asintheni, amagulitsidwa paokha.

Pampu yolira si pampu yokoka. Zulani payipi yopita ku kabureta, ilozetseni m'botolo loyezera, yendetsani pampu masekondi 5, muchulukitse ndi 12 kuti mupeze za pa mphindi, muyerekeze ndi buku la njingayo. Ya injection imafuna geji ya presha: zambiri zimayendera mabala 3 kapena pafupi (bala ndi muyeso wa presha), pomwe ya kabureta siifika ngakhale theka la bala, ndiye musazisinthanitse. Petulo akamatuluka wochepa, onani fyuluta kaye, makamaka ngati m'thanki muli dzimbiri. Njinga ikamazima patapita mphindi zingapo, tsegulani chitsekerero cha thanki; mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu, kabowo kopumira katsekeka.

Zonsezi chitirani panja, injini itazizira, ndipo waya womaliza muzimulumikiza kutali ndi botolo la petulo.