Kulumikiza ethi pa waya wa dishi mvula isanayambe

Dekoda ikamakugwirani mukakhudza waya wa dishi, kapena mukuopa mphenzi za ku Dedza kuno mu Disembala, lumikizani ethi, waya wopititsa magetsi osokera m'nthaka. Chitani izi.

Zimitsani dekoda ndi TV, muzule mapulagi. Kunja, pomwe kebulo ikulowera m'nyumba, iduleni, muike ma F-connector (timitu tachitsulo tomangira kumapeto kwa kebulo) mbali zonse ziwiri, mulumikize pa ground block (kachitsulo kolumikiza mbali ziwirizo, kokhala ndi pomangira waya wa ethi) yokhomera pakhoma. Kebulo ilendewere pang'ono isanafike pabowo kuti madzi azidonthera pansi, asamalowe m'nyumba.

Kuchokera pa ground block kokani waya wa kopa wa 6mm², wobiriwira ndi wachikasu, mpaka pa ndodo ya ethi ya nyumbayo, nthawi zambiri pansi pa mita ya ESCOM. Ukhale waufupi, wosapindapinda. Palani dzimbiri pandodopo, mumange ndi kilampu, osati kungokulunga. Chitsulo cha dishi chilumikizeninso pa ndodo yomweyo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amakhoma ndodo ina payokha osaiphatikiza ndi ya nyumba. Mphenzi ikagwa pafupi, mphamvu ya ndodo ziwirizo imasiyana, magetsi n'kudutsa mu dekoda. Mukakhoma yachiwiri, ya mamita 1.2 kapena kuposa, pa dothi lachinyontho osati pamwala, zilumikizeni. Paipi ya pulasitiki si ethi.

Za m'kati mwa bokosi la mita siyirani wamagetsi wovomerezeka.