Momwe mungadziikire malire pa juga mutu usanatenthe

Munthu wamkulu ali ndi ufulu wochita zomwe akufuna ndi ndalama zake, ngakhale kubetcha kumene. Koma ufuluwo umagwira ntchito mutu ukakhala wozizira. Amene wadyedwa katatu motsatizana pakati pa usiku sakusankhanso ayi, akungothamangira ndalama zomwe zapita. Malamulo a juga amene ali ndi phindu amalunjika pa nthawi yoteroyo, ndipo ambiri mwa iwo amagwira ntchito pokhapokha mwiniwake atawayatsa yekha pa akaunti yake.

Yambani ndi masamu, chifukwa simungati mwasankha mwaufulu chinthu chomwe mtengo wake simukuudziwa. Tiyerekeze masewera omwe mbali ziwiri zili ndi mwayi wofanana. Ma odds ndi nambala yomwe amachulukitsa nayo ndalama zomwe mwaponya mukawina. Achilungamo akanakhala 2.00 mbali iliyonse, koma kampani imapereka 1.90. Mukabetcha 100 maulendo 20, mwaponya 2,000. Mukawina theka la maulendowo mulandira 1,900, ndiye kuti 5 pa 100 iliyonse yatsala kwa kampani. Kuti muone gawo limeneli pa masewera alionse, gawani 1 ndi ma odds a mbali iliyonse n'kuphatikiza mayankhowo. Apa 0.526 kawiri ndi 1.05, ndipo chilichonse choposa 1 si chanu.

Tikiti ya masewera ambiri ndiyo imadya kwambiri, ngakhale imaoneka yotchipa. Gawo la kampani limachulukana pa masewera alionse omwe mwawonjezera. Mukalumikiza masewera 10 otere, pa 100 iliyonse pamabwerera pafupifupi 60 m'kupita kwa nthawi. Yerekezani ndi roulette, juga ya gudumu lozungulira la manambala 37, yomwe imadya 2.7 pa 100. N'chifukwa chake otsatsa amakonda kuonetsa munthu mmodzi amene wawina tikiti yaitali.

Kenako sankhani ndalama ya mwezi wonse, mutachotsa kale lendi, chakudya, fizi ndi ngongole. Muitenge kuti yapita kale. Lowani pa akaunti ndipo muike malire a dipoziti ofanana ndi ndalamayo, tsiku lomwelo lomwe mwatsegula akaunti, osadikira kuti mudyedwe kaye. Ubwino wa malire amenewa uli pa kuchedwa kwake. Ku Britain, kuwatsitsa kumachitika nthawi yomweyo koma kuwakweza kumadikira maola 24. Ku Germany, kuyambira 2021, kukweza kumadikira masiku 7, ndipo malire a €1,000 pamwezi amawerengedwa pa makampani onse pamodzi. Kumene kulibe lamulo lotere, malire amathera pa kampani imodzi, choncho munthu akafika pamapeto amangotsegula akaunti kwina. Khalani ndi akaunti imodzi basi.

Malire a dipoziti sawerengera ndalama zomwe mwawina n'kuziponyanso. Mukawina, tapani nthawi yomweyo, ndipo musakhudze batani lobweza ndalamazo mu akaunti zisanafike. Britain idaletsa batani limenelo mu October 2021.

Liwiro ndilo ambiri saliganizira. Gawo la kampani limadulidwa pa kubetcha kulikonse, osati pa dipoziti. Makina a slots ozungulira pa masekondi 2.5 alionse amazungulira maulendo 1,440 pa ola. Ngati mukuponya 1 ulendo uliwonse ndipo makinawo amadya 4 pa 100, ola limodzi likudyerani pafupifupi 58. Germany idalamula masekondi 5 ndi €1 pa ulendo, ndipo Britain mu April 2019 idatsitsa ndalama yoponya pa makina a m'mashopu obetchera kuchoka pa £100 kufika pa £2. Ena adati boma likulowerera m'thumba la anthu. Ife tikuona kuti malamulowa sadaletse aliyense kusewera, adangomupatsa mpata wopuma. Dziikireni lamulo lomwelo: tcherani alamu ya mphindi 30, ndipo pewani kubetcha mpira uli mkati, pamene ma odds akusintha mphindi iliyonse.

Musabetche ndi ngongole. Britain idaletsa makhadi a ngongole pa juga mu April 2020, koma palibe lamulo lingakuletseni kubwereka kwa mnzanu. Musakhulupirirenso njira yowirikiza kawiri ndalama mukadyedwa. Mukayamba ndi 1 n'kudyedwa maulendo 10 motsatizana, mwataya 1,023, ndipo muyenera kuponya 1,024 kuti mupindule 1 yokha.

Bonasi, ndalama yomwe kampani imakuwonjezerani pa akaunti, muiwerenge malamulo ake musanailandire. Ngati bonasi ya 100 ikufuna kuti muibetche maulendo 30 musanatape, muponya 3,000, ndipo pa makina odya 4 pa 100 aja mutaya pafupifupi 120.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti malire okha sakukwaniranso: kubisira a m'banja ndalama zomwe zapita, kubwerera tsiku lotsatira kukabweza zodyedwa, kufuna kuponya zambiri kuti mtima ugunde ngati kale, kuyesa kusiya n'kulephera. Kuyambira 2013, buku la madokotala a matenda a maganizo la DSM-5 lidaika juga m'gulu limodzi ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo zizindikiro 4 mwa 9 m'miyezi 12 n'zokwanira kuti dokotala anene kuti pali vuto. Zikafika apa, dziletseni mwalamulo. Britain ili ndi GAMSTOP, kaundula wa anthu odziletsa kuchita juga, komwe munthu amasankha miyezi 6, chaka chimodzi kapena zaka 5. Sweden idatsegula Spelpaus mu 2019, Australia idatsegula BetStop mu 2023. Mukalembetsa kamodzi, makampani onse obetchera pa intaneti omwe ali ndi chiphaso cha boma m'dzikolo amakutsekerani. Kumene kulibe kaundula wotere, lemberani kampani iliyonse payokha ndipo sungani yankho lawo.

Polembetsa, perekani manambala onse a foni, maimelo onse ndi maadiresi akale omwe, chifukwa kaundula amafananiza zimene mwalemba ndi zomwe zili pa akaunti, ndipo zikasiyana mpata umatsala. Chitani zimenezi pali munthu amene mumamukhulupirira. Funsaninso banki ngati ingatseke malipiro opita ku juga, ndipo ikani pa foni pulogalamu yotsekera masamba a juga monga Gamban.

Malamulo a boma ndi kaundula zimagwira pa makampani a chiphaso okha. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe maboma ambiri amasankhira kuwongolera juga m'malo moiletseratu. America italetsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, anthu sadasiye kumwa, malondawo adangopita kwa zigawenga. Kampani yopanda chiphaso siiona kaundula, siifunsa zaka, ndipo ikakana kukulipirani mulibe kokadandaula. Musanaike dipoziti, pezani dzina la kampani ndi nambala ya chiphaso pansi pa tsamba lake, kenako mukazifufuze pa mndandanda wa bungwe la boma loona za juga m'dziko lomwe mukukhala, chifukwa chizindikiro chomata pa tsamba aliyense angathe kuchikopera.