Mmene Kapitawo Watsopano Angaphunzirire Ntchito Popanda Kusautsa Anthu Ake

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, munthu amene amakwezedwa kukhala kapitawo kawirikawiri amakhala yemwe anali wothyola waluso, wa manja achangu, amene dengu lake linkalemera kuposa a anzake pa sikelo. Koma kuthyola bwino ndi kuyang'anira anthu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyi amaiphunzira ali kale paudindo. Chilichonse chimene walakwitsa pophunzirapo chimagwera anthu ake. Iye amalandira malipiro ake onse ngakhale atagawa mizere molakwika, pamene mayi amene anapatsidwa mzere wa mphukira zochepa amalephera kupitirira mlingo wa tsiku, n'kutaya ndalama yowonjezera imene ankayembekezera kugulira ufa. Malangizo awa akupita kwa inu amene mwangolandira udindowu, ndipo ambiri mwa iwo angathandizenso wapampando watsopano wa kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi.

Poyamba dziwani kuti anthu adzakuopani musanalankhule n'komwe. Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu ya malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo mabanja ambiri a kuno, makamaka a Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambique n'kudzakhala m'minda ya azungu, anakula akumva za thangata, ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo okhala. Pa nthawi imeneyo kapitawo ndiye anali pakamwa pa bwana. Mantha amenewo sanathe kwenikweni, ndipo zotsatira zake n'zakuti mukalakwitsa palibe amene adzakuuzeni pamaso. Adzayankha kuti "Chabwino, akapitawo," kenako madandaulo adzakambidwa pachitsime ndi kuchigayo, inu mukuganiza kuti zonse zili bwino.

Pa chifukwa chimenechi, masabata oyambirira musasinthe kalikonse kamene sikanawonongeke. Mtsogoleri watsopano amafunitsitsa kuonetsa kuti wabwera, choncho amasintha nthawi yoyambira, amasuntha anthu amene anazolowera kuthyola moyandikana, ndiponso amakhazikitsa malamulo ake a dengu. Kusintha kulikonse kumadya nthawi ya wothyola, ndipo kwa iye nthawi ndi makilogalamu. Yendani kumbuyo kwa gulu, muone amene amatsalira ndi chifukwa chake, muone munda umene uli pamtsetse woterera ndi umene uli pamalo athyathyathya. Pitani kwa wothyola wamkulu amene wakhala m'gululo zaka zambiri, mumufunse paokha mwaulemu kuti, "Amayi, munda wa kumunsi uja mumayambira mbali iti mvula ikagwa usiku?" Funso loterolo silikuchepetsani, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nkhani yaikulu kwambiri ndi kagawidwe ka mizere, ndipo apa m'pofunika kukhazikika. Munda umodzi sukhala wofanana paliponse. Mizere ina imaphuka kwambiri, ina ili pamiyala kapena pamalo pamene mitengo inafa n'kusiya mipata, ina ili kutali ndi poyezera moti munthu amataya mphindi zambiri akusenza dengu. Kapitawo wozolowera amazidziwa zimenezi pamtima ndipo amasinthasintha anthu kuti aliyense alaweko pabwino ndi poipa. Watsopano amangoloza mizere monga mmene anthu afikira, osazindikira kuti amene amakhala pafupi ndi munda ndiwo amafika msanga tsiku lililonse n'kutenga pabwino, pamene wochokera kumudzi wakutali, kapena mayi amene amayamba wakonzekeretsa ana kupita kusukulu, amagwera poipa sabata yonse. Palibe nkhanza imene mwachita mwadala, komabe mwezi ukatha kusiyana kwake kumaoneka m'malipiro. Njira yake ndi kukhala ndi kope lanulanu, momwe muzilemba amene anayambira mbali iti pa ulendo uliwonse wothyola mundawo, ndipo ulendo wotsatira muziyambira pamene munalekezera. Uzani gulu lonse dongosololi poyera, kuti aliyense athe kukukumbutsani mukaiwala.

Mgwazo wa kupalira kapena kudulira nawonso umafuna kusamala komweko. Musanaike mlingo pamalo amene simunagwirepo, yesani nokha kagawo kakang'ono, chifukwa udzu wa m'dambo ndi wa pamtunda sufanana kulimba, ndipo munthu amene mwamupatsa mgwazo wosatheka amaweruka mdima utagwa popanda chowonjezera.

Pa sikelo, imani pomwepo. Kalaliki ndiye amalemba, koma anthu ndi anu, ndipo nambala ikalembedwa pa dzina lolakwika wodandaula adzabwera kwa inu. Onetsetsani kuti sikelo ili pa ziro isanayambe ntchito, kuti kulemera kwatchulidwa mokweza mwini dengu akumva, ndiponso kuti chilichonse chochotsedwa chifukwa cha madzi a mvula chikuchotsedwa mofanana kwa onse. Phunzirani msanga nthawi imene thirakitala yonyamula masamba imafika, chifukwa masamba akakhala nthawi yaitali padzuwa kapena akatsenderedwa m'thumba amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo fakitale ikhoza kuwakana. Mukachedwetsa gulu kukayeza, thukuta la anthu makumi angapo limatayika chifukwa cha wotchi ya munthu mmodzi. Kwa alimi a m'makalabu, monga amene ali pansi pa Sukambizi Association Trust ku Mulanje kapena Msuwadzi ku Thyolo, kutayika kumeneku kumalowa mwachindunji m'thumba la mlimi, popeza iye alibe malipiro a tsiku oti n'kudalira.

Za ubwino wa masamba, musadikire kukakana dengu lodzaza. Mlingo umene aliyense amaudziwa ndi masamba awiri ndi nsonga, ngakhale kuti mafakitale amasiyana pa zimene amalola. Ngati wina akuthyola masamba okhwima, muonetseni m'mawa ali pamzere, dengu lisanafike ngakhale theka. Ndimaona kuti akapitawo atsopano ambiri amazengereza kudzudzula m'mawa chifukwa cha manyazi ndi anzawo akale, kenako masana bwana akadutsa amakalipa pagulu kuti aoneke olimba. Kumeneko n'kulanga munthu kawiri pa cholakwa chimene mukanachiletsa ndi mawu ochepa.

Anzanu akale ndi achibale ndi mayeso ena. M'midzi yathu ya chikamwini, m'gulu limodzi mukhoza kupezeka alamu anu, apongozi kapena mwana wa alongo anu, ndipo onse akuyang'ana mmene muwachitire. Ena amawakondera, ena amawakhaulitsa mopitirira pofuna kuonetsa kuti sakondera, ndipo zonse ziwiri n'zolakwika. Lankhulani nawo kunyumba ntchito isanayambe kuti, "Alamu, kumunda ndikakuuzani kuti mubwerere pamzere musadabwe, ndi mmene ndiuzira aliyense." Musakongole ndalama kwa munthu wa m'gulu lanu ndipo musalandire nkhuku kapena nthochi kwa wofuna kulembedwa ntchito ya nyengo ya mvula, chifukwa kuyambira tsiku limenelo mizere simudzaigawanso momasuka.

Phunziraninso malamulo a dziko musanapereke chilango chilichonse, popeza apa m'pamene kusadziwa kwa mtsogoleri kumapweteka kwambiri. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa mwayi wodziteteza. Lamulo lomwelo limaletsa kulipitsa wantchito chindapusa ngati chilango, limaika maola 48 pa sabata monga malire a ntchito yanthawi zonse, ndipo limapatsa mayi woyembekezera tchuthi cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Kapitawo alibe mphamvu yonena kuti "Mawa usabwerenso," ngakhale atakwiya bwanji. Lembani zimene zachitika, tsiku lake ndi mboni zake, mupereke kwa amene ali pamwamba panu, ndipo wantchito akafuna kubwera ndi woimira bungwe la antchito a m'minda la PAWU musamuletse. Nkhani zosamalizidwa bwino zimakathera ku ofesi ya zantchito ya boma kapena ku khoti la Industrial Relations Court, ndipo kumeneko buku lanu ndilo lidzayankhe.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito. Pakati pa othyola pali amayi ochuluka, ambiri mwa iwo ndi a ntchito ya nyengo chabe, ndipo amadziwa kuti mawu anu angachititse kuti aitanidwenso chaka chamawa kapena ayi. Nthabwala imene munkachita muli wothyola mnzawo tsopano ili ndi kulemera kwina, chifukwa woimvayo sangathenso kukuyankhani momasuka. Mayi akabwera kudzadandaula za mnzake wamwamuna kapena za mlonda, musaikambe ngati nkhani ya pabwalo la mfumu, koma muipereke tsiku lomwelo kumene kampani inakonza kuti madandaulo otere azipita.

Malamulo ochokera kwa manijala muziwamvetsa kaye musanawatsitse kwa anthu. Mtsogoleri watsopano amaopa kufunsa bwana kuti abwereze, choncho amanyamula uthenga wa theka, gulu n'kupita kumunda wolakwika, ndipo pofika poti abwerere dzuwa lakwera. Bwerezani lamulolo m'mawu anu pamaso pa bwanayo, mutchule nambala ya munda ndi nthawi. Ngati lamulolo silingatheke ndi anthu amene muli nawo, nenani pomwepo, chifukwa mukavomera mwamantha ndi anthu anu amene adzagwire mpaka madzulo kuti akwaniritse lonjezo lanu.

Kumbukirani nyengo. Gawo lalikulu la tiyi wa chaka limathyoledwa m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo imeneyi ndi miyezi yomweyo ya njala, malungo ndi mitsinje yosefukira. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaonetsa mmene madzi otsika m'phiri la Mulanje angadulire njira ndi milatho. Wochedwa m'miyezi imeneyi mumufunse kaye chifukwa chake musanamulembe kuti wachedwa. Ngati mungathe kusankha, pemphani kuti muyambe udindo kapena muyese dongosolo latsopano m'nyengo yozizira, pamene masamba ndi ochepa ndipo cholakwa chanu sichidya ndalama zambiri za anthu.

Mukazindikira kuti cholakwa chanu chatayitsa munthu makilogalamu kapena tsiku, kupepesa kokha sikukwanira. Pitani naye kwa kalaliki buku la malipiro lisanatsekedwe, mufotokoze zimene zinachitika, musainire kukonzako, ndipo tsiku lolandira mumufunse ngati ndalamayo yalowadi. Ngati bukulo latsekedwa kale, pemphani kuti zilembedwe pa pepala kuti zidzabwezedwa pa malipiro otsatira, mwini wake asunge pepalalo.